Mayi wonyamula dengu kupita ku Zomba: kodi akunyoza olira?



Pali mavuto amene tonse timadziwa chochita akagwa pakhomo la mnzathu. Kukagwa maliro, anyamata timatenga makasu kupita kumanda, alongo athu amatunga madzi ndi kuphika. Wina akagonekedwa kuchipatala, timasonkha kangachepe ikatha Swala ya Jumu'ah n'kukamuzonda. Ngakhale mwana wa mnzathu akamangidwa chifukwa cha kuba, timakhalabe ndi mawu oti tinene: "Pepani, ana a masiku ano ndi choncho." Koma pali khomo lina limene tonse timalilambalala, chifukwa sitidziwa kuti tikafikapo tiyambira pati. Ndi khomo la bambo ndi mayi amene mwana wawo anasokonekera mutu, ali m'kati modwalamo n'kuvulaza kapena kupha munthu, ndipo khoti linalamula kuti akasungidwe kuchipatala cha odwala matenda a ubongo ku Zomba.

Funso limene ndikufuna tilingalire lero ndi ili: kholo lotere likamapitiriza kusamala mwana wakeyo, kumunyamulira chakudya, kumugulira sopo ndi zovala, kumuchitira duwa usiku, kodi likuchita chilungamo, kapena likunyoza banja limene likulira? Ndikufunsa chifukwa ndamvapo anthu abwinobwino, oswali kasanu patsiku, akunena kuti mwana wotere ngofunika kungomuiwala basi. Ndipo sindikufuna kuwayankha mopepuka anthu amenewa, chifukwa mbali inayo kuli manda enieni.

Tiyambe ndi mmene munthu amafikira kumeneko, popeza ambirife timangomva kuti "anamutengera ku Mental". Chinthu chikachitika, apolisi amamugwira munthuyo ngati wina aliyense. Amagona m'chitokosi, amapita pa rimandi, ndipo ngati mlandu uli wakupha umakazengedwa kubwalo lalikulu la milandu. Khoti likaona kuti mutu wa munthuyu sukuyenda bwino, limapempha madokotala a matenda a ubongo kuti amupime, ndipo kwa ife a chigawo chakumwera kuno kawirikawiri kumeneko ndi ku Zomba Mental Hospital. Mafunso amakhala awiri, ndipo ngosiyana. Loyamba: kodi panopa angathe kutsatira mlandu wake ndi kudziyankhira? Ngati sangathe, mlandu umaima kaye, iye n'kumalandira mankhwala. Lachiwiri: kodi pa nthawi imene ankachita chinthucho, matenda anamulanda nzeru moti sankadziwa chimene akuchita, kapena sankadziwa kuti n'chosayenera? Malamulo a dziko lino amamutenga munthu aliyense kuti ali ndi nzeru zake mpaka patapezeka umboni wotsutsa, ndiye sikuti ukangonena kuti "mutu unazungulira" basi wapulumuka ayi. Koma umboniwo ukapezeka, khoti silimupatsa chilango cha munthu wolakwa. Limalamula kuti akasungidwe kuchipatala.

Muyeso umenewu tinautengera ku Britain. Mu 1843 ku London, bambo wina dzina lake Daniel M'Naghten, amene ankakhulupirira kuti andale a chipani cholamula akumusakasaka, anawombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yaikulu Robert Peel, ndipo Drummond anamwalira patapita masiku ochepa. Khoti linapeza kuti M'Naghten anali wodwala misala. Anthu anakwiya kwambiri, amvekere wazemba chilango. Koma bamboyu sanabwererenso kwawo. Anakhala m'zipatala zotsekera za Bethlem ndi Broadmoor mpaka imfa yake mu 1865, zaka 22. Ndikutchula izi chifukwa cha anzathu amene amati kupita ku Mental ndi njira yachidule yothawira ndende. Mkaidi amawerenga masiku, amadziwa kuti chaka chakuti ndidzatuluka. Wosungidwa kuchipatala mwa lamulo la khoti alibe tsiku loti alembe pakhoma. Kutuluka kwake kumadikira madokotala anene kuti wachira mokwanira, a malamulo nawo avomereze. Makolo akenso amakhala m'kudikira komweko, osadziwa kuti kudzatha liti.

Malowonso ali ndi mbiri yake yowawa. Mu 1910 boma la atsamunda linayamba kusunga odwala misala m'chigawo china cha ndende yaikulu ya Zomba, owayang'anira ali asilikali a ndende omwewo. Chipatala chapachokha chinadzatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo lamulo loyendetsera chisamaliro cha odwalawa, la mu 1948, linagwira ntchito zaka zoposa 70. Lero kumeneko kuli madokotala ndi manesi amene anaphunzira ntchito imeneyi, koma m'mitu mwathu ndende ija sinachokebe. Tikamva "ku Mental" timaona unyolo. N'chifukwa chake kholo limene mwana wake ali kumeneko chifukwa cha mlandu limasenza manyazi awiri nthawi imodzi, a ndende ndi a misala.

Tsopano taganizani kholo limeneli likhale la kwathu kuno ku Thekerani. Kuti mayi akaone mwana wake, ayenera kudzuka kusanache, kukwera mtunda mpaka pamsewu, kupeza galimoto yodutsa pa Makwasa kukafika pa boma pa Thyolo, kusintha kupita ku Limbe, kusinthanso kupita ku Zomba. Kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo n'kovuta, ndipo ku Zombako alibe m'bale woti akagoneko. Nanga ndalama yake ichokera kuti? Kale nthochi zinkatithandiza kuno, malole ankabwera kudzapikula, koma matenda a chisaka anatha minda yambiri. Amene amathyola tiyi ku esiteti amadalira masiku amene agwira ndi makilogalamu amene apita pa sikelo, ndipo chilimwe masamba akachepa ntchito nayo imachepa. Tsiku lopita ku Zomba ndi tsiku lopanda malipiro, pamwamba pake thiransipoti. Ulendo umodzi ukhoza kudya ndalama imene akanagulira feteleza kapena kulipirira fizi mng'ono wake wa wodwalayo.

Ndikudziwa mayi wina wa dera lathu lino, sinditchula dzina kapena mudzi, amene amayenda ulendo umenewu pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Mwana wawo, mnyamata amene tinkamenya naye mpira, anayamba kulankhula yekha, kusiya kugona, kumanena kuti akumva mawu omuuza kuti kukubwera anthu odzamupha. Usiku wina anatema ndi chikwanje munthu amene anangobwera kudzathandiza kumugwira, ndipo munthuyo anamwalira. Tsiku lina ndinawapeza mayiwo pa siteji ali ndi kadengu: mbatata yophika, mtedza wokazinga, kabotolo ka thobwa, sopo. Mayi wina amene anali pomwepo anawafunsa mokweza, dala kuti aliyense amve: "Mayi, mukupitanso kukadyetsa uja anatithera mnzathu uja?" Iwo anayankha motsitsa mawu: "Eya mayi. Anapha, sindikukana. Koma wobereka ndine. Ndikamutaya ine, amutola ndani?"

Mawu a pa siteji amenewo ngochepa poyerekeza ndi zimene zimanenedwa kuseri. Ena amati bambo ake anamukhwimira kuti geni iziyenda. Ena amati ndi mtundu wawo umenewo, musakwatireko. Ena amati makolo anamulekerera pa chamba. Asilamu enafe timathamangira kunena kuti ndi majini, pakhomopo saswali. Taonani kuti nkhani zonsezi zimakathera pamodzi, pakuti wolakwa ndi kholo. Zimatikomera kuganiza choncho chifukwa zimatitonthoza: ngati vutoli ndi la khomo lawo, ndiye kuti kwathu silingafike. Chonsecho matenda onga schizophrenia amagwira munthu wa mtundu uliwonse, woswali ndi wosaswali yemwe, ndipo kawirikawiri amayamba pa msinkhu wathu womwe uno, kuyambira zaka zomaliza za kusekondale mpaka cha m'ma 30. Ndinenenso pano kuti odwala matenda a ubongo ochuluka savulaza munthu aliyense moyo wawo wonse. Nthawi zambiri iwowo ndi amene amamenyedwa, kugendedwa ndi ana, ndi kumangidwa zingwe. Nkhani yathu lero ndi ya ochepa aja amene zinafika poipa.

Komabe tisathamangire kumuweruza mayi wofunsa uja. Tiyeni tikhale kaye pamphasa ya banja loferedwa. Kumeneko kuli mkazi wamasiye, kuli ana amene sukulu yawavuta. Iwo sanamvepo woweruza akunena kuti "wolakwa". Anangomva kuti munthu uja ngodwala, akulandira mankhwala. Kwa iwo zili ngati dziko lanena kuti palibe chimene chinachitika, ngati kuti m'bale wawo anaphedwa ndi mphenzi. Ndiye akamaona mayi wa wakuphayo atanyamula mbatata ndi thobwa, mtima umawawa: wathu ali m'dothi, wawo akudya mtedza. Ululu umenewu ngoona, ndipo aliyense wofuna kulankhula za chifundo ayambe waumva. Chifundo choona wodwala yekha n'kuiwala wophedwa ndi cha diso limodzi.

Apa m'pamene ndimaona kuti ma ulama athu akale anaganiza mozama kuposa mmene timakambira pa siteji. Ambirife tinaphunzira ku madrasa Hadith ija yotchula anthu atatu amene zochita zawo sizilembedwa: wogona, mwana wosatha msinkhu, ndi wodwala misala kufikira nzeru zitabwerera. M'buku la Hadith la Abu Dawud mulinso nkhani ya mayi wodwala misala amene anabwera naye kwa Khalifa Umar, Allah asangalale naye, atachita tchimo lalikulu. Chilango chinali chitalamulidwa kale, koma Ali, Allah asangalale naye, anawabweza panjira anthu amene ankamutengawo, n'kukamukumbutsa Umar za lamulo limeneli, ndipo mayiyo anamasulidwa. Maziko ake ngakuti udindo umayendera limodzi ndi nzeru. Pamene nzeru zachoka, kufunsidwa nakonso kumaima. Choncho ngati madokotala ndi khoti anapeza zoona, mayi wopita ku Zomba uja akukazonda wodwala, monga mmene inu mungakazondere m'bale wanu wa malungo kapena wa shuga.

Koma ma ulama omwewo sanathere pamenepo, ndipo gawo lachiwirili ndi limene timaliiwala. Iwo anati wamisala akapha munthu saphedwa mobwezera, komabe magazi a wophedwayo satayika chabe. Pamaperekedwa diya, chipepeso cha moyo, chimene muyeso wake wakale unali ngamira 100. Ndipo malinga ndi ma ulama ambiri, olipira ake ndi aqila, kutanthauza abale a mtundu wa wakuphayo, amene amagawana mtolowo n'kuupereka pang'onopang'ono m'zaka zitatu. Taonani nzeru yake. Abalewo sanaphe munthu, alibe tchimo. Wodwalayo nayenso tchimo alibe. Koma ngongole ilipo, ndipo imagwera anthu ambiri kuti isaphwanye munthu mmodzi. Tchimo ndi ngongole ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mwana wanu wamng'ono akaphwanya mtsuko wa aneba simumutengera kwa amfumu, koma mtsukowo mumagula. Moyo si mtsuko, palibe angaubweze, koma mfundo yake ndi yomweyo: kupanda tchimo sikufafaniza zimene zinaonongeka.

Kuno ku Malawi milandu yakupha imaweruzidwa ndi makhoti a boma, ndipo sindikunena kuti tiyambe kuwerenga ngamira ku Thekerani ayi. Chimene ndikutolapo ndi yankho la funso lathu lija. Kholo silikukakamizidwa kusankha pakati pa mwana wake ndi banja loferedwa. Likhoza kupita ku Zomba ndi dengu, n'kudzapitanso kwa amasiye ndi nkhuku kapena thumba la chimanga, kudzera kwa eni mbumba ndi amfumu, monga mwa mwambo wathu wa chipepeso. Chimene chimanyoza olira ndi kukhala chete, kumawadutsa panjira ngati palibe chinachitika. Ndipo ngongole imeneyo si ya mayi yekha. Amalume ali kuti? Abambo aang'ono ali kuti? Nanga jamaat ya pamzikiti? Masiku ano aqila yonse imabalalika, mtolo wa anthu makumi awiri n'kuusiyira mayi mmodzi wothyola tiyi, kenako tizimuseka akamadzandira nawo.

Wina anena kuti: "Akhi, nanga amene anadziputira yekha ndi chamba kapena kachasu?" Funso labwino ndithu. N'zoona kuti chamba chimatha kuutsa matendawa, makamaka kwa amene anayamba kusuta ali wamng'ono, ndipo malamulo a boma ngakhalenso fiqh samuona woledzera mwadala mofanana ndi wodwala. Koma kusiyanitsa amene anangoledzera, amene chamba chinamusiyira matenda okhalitsa, amene anayamba kusuta pofuna kuziziritsa mawu amene ankawamva kale m'mutu, ndi amene akungonamizira, ndi ntchito imene madokotala amaigwira akumuyang'anitsitsa munthuyo kwa nthawi ndithu. Ife okhala pabenchi ya pagolosale sitingaithe pa mphindi zisanu. Ndipo ngakhale zitapezeka kuti mwanayo ali ndi gawo lake la kulakwa, kodi ubereki umathera pamenepo? Woweruza alipo kale, wozenga mlandu alipo kale. Mpando umene palibe munthu wina angaukhale ndi wa mayi ndi bambo.

Ndichenjezenso mbali ya makolo, chifukwa chikondi nachonso chimatha kusochera. Kusamala mwana sikutanthauza kunamiza khoti, kumuwolotsa Ruo kuti akabisale ku Mozambique, kapena kumuuza kuti "sunalakwe kanthu iwe, anakuputa okha". Sikutanthauzanso kukakamira kuti atuluke asanachire. Mu Surat Yusuf timaona Mneneri Yaqub, mtendere ukhale pa iye, amene anali bambo wa wolakwiridwa komanso bambo wa olakwa. Ana ake atabwera ndi malaya opakidwa magazi abodza, sananamizire kuwakhulupirira. Anawauza poyera kuti nkhaniyo angoipeka. Analira mwana wake wotayikayo mpaka maso anasiya kuona. Koma sanawapirikitse pakhomo, ndipo pamapeto atavomera kulakwa kwawo anawalonjeza kuwapemphera chikhululuko. Ana a Yaqub anali ndi nzeru zawo zonse, komabe bambo sanasiye kukhala bambo. Nanga kuli bwanji mwana amene nzeru zinamuthawa? Nkhaniyi ikukhudza makomo ambiri otere, chifukwa kawirikawiri amene wodwala amamuvulaza amakhala wa m'nyumba momwemo: mlongo wake, agogo ake, mwina kholo lenilenilo. Mayi amatha kukhala ndi mwana mmodzi kumanda, wina ku Zomba, onse awiri anayamwa bere limodzi.

Kholo lotere lili ndi ufulu wochita mantha. Likhoza kunena kuti, "Ndimamukonda, koma sangagone nyumba imodzi ndi adzukuluwa mpaka nditaona kuti akumwa mankhwala." Kumeneko si kutaya mwana. Likhoza kutopa, kukwiya, kudumphitsa miyezi osapita chifukwa ndalama palibe. Sabr sikutanthauza nkhope yosagwa misozi, paja Yaqub yemwe analira. Ifeyo tisawawonjezere katundu powauza kuti akanakhala ndi imaan yokwanira sakanadandaula.

Pali tsiku lina limene ambirife sitiliganizira, tsiku limene mankhwala ayamba kugwira ntchito. Ife timaona ngati limenelo ndi la chisangalalo chokhachokha. Koma nzeru zikamabwerera, mnyamata uja amayamba kuzindikira chimene manja ake anachita. Amafunsa kuti, "Amayi, n'zoona kuti ndinapha munthu? Ndani?" Mwina ndi munthu amene ankamukonda, amene ankadya naye mbale imodzi. Chisoni cha nthawi imeneyo n'choopsa, chimatha kumufikitsa munthu poganiza zodzichotsera moyo. Pamenepo pamafunika wina womuuza zinthu ziwiri pakamwa pamodzi: eya, zinachitika, ndipo ukadali mwana wanga. Dokotala akhoza kunena choyambacho. Chachiwiricho chimamveka chikachokera kwa amene anamubereka pamsana.

Tsono dengu lija lili ndi ntchito yoposa kukhutitsa mimba. Madokotala amafuna mbiri ya wodwala: anayamba liti, ankagona bwanji, kubanjako alipo wina anadwalapo? Wodziwa zimenezi ndi kholo. Mankhwala monga chlorpromazine ndi haloperidol amathandiza kuziziritsa mawu ndi mantha aja, koma amatha kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu ndi kugonetsa kwambiri. Wodwala akhoza kuwauza mayi ake zimenezi asanauze nesi, ndipo zikanenedwa madokotala amatha kusintha mlingo kapena kupereka mankhwala ena othandizira. Komanso tsiku lokambirana zotuluka likafika, funso lalikulu limakhala lakuti akupita kwa yani, ndipo ndani adzaonetsetse kuti akupita ku kiliniki kukatenga mapiritsi kapena kukabayitsa jakisoni wa pamwezi. Munthu amene abale ake anamutaya amavuta kumutulutsa ngakhale atachira. Ndipo amene watuluka n'kupeza mudzi wonse ukumuthawa sachedwa kusiya mankhwala. Ndiye ngati mantha anu ngakuti zija zingadzachitikenso, dziwani kuti kholo limene likupitabe ku Zomba ndi mmodzi mwa alonda a mudzi wanu. Ulendo wakewo ukutchinjiriza ana anu omwe.

Kwa ife Asilamu pali msampha wina, woganiza kuti kupita kuchipatala cha ubongo ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, kuti zonsezi ndi majini ndipo mankhwala ake ndi ruqya basi. Duwa ndi Qur'an zimakhazika mtima pansi, palibe akutsutsa. Koma Asilamu akale sanaone mkangano pakati pa duwa ndi dokotala. Chipatala chimene Sultan Qalawun anamanga ku Cairo mu 1284 chinali ndi chigawo cha odwala misala, ndipo cha Arghun ku Aleppo, cha mu 1354, chimadziwika ndi tizipinda ta odwala otere tozungulira mabwalo okhala ndi akasupe a madzi. Zipatalazi zinkayendera chuma cha waqf, chimene anthu anapereka chifukwa cha Allah. Ndiye wina akauza kholo kuti mwana asiye mapiritsi poti wamuwerengera ma aya, ameneyo akuika moyo wa mwanayo ndi wa anthu ena pangozi. Ruqya iwerengedwe, mapiritsi akumwedwa.

Nanga ife achinyamata tingachitepo chiyani? Ndalama tilibe zambiri, koma zina sizilira ndalama. Choyamba ndi salaam: kufika pakhomo paja, kukhala pansi, n'kufunsa kuti, "Amayi, achimwene akupeza bwanji ku Zomba?" Mutchuleni dzina mwanayo, chifukwa pakhomo lotere pamatha chaka dzina lake lisanatuluke pakamwa pa mlendo. Chachiwiri ndi thiransipoti. Jamaat imene imatha kusonkhera mpunga wa pa nikah singalephere kusonkhera ulendo umodzi wa ku Zomba pa miyezi itatu, ndipo wina wodziwa tauni awaperekeze, poti Limbe imasokoneza munthu wosazolowera. Chachitatu ndi mapepala. Makolo ambiri sadziwa kuti mlandu uli pati, kufunsanso amaopa. Amene tinapitako kusukulu tingawathandize kufika ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa pa milandu, kapena kwa a PASI amene amayendera ndende ndi makhoti, komanso kuwalembera mafunso oti akafunse adokotala. Liliponso bungwe la MEHUCA, la odwala matenda a ubongo ndi owasamalira, kuti kholo lidziwe kuti si lokha. Chachinayi, tipitenso kwa oferedwa ndi dzanja lomwelo, kukalima m'munda wa wamasiye, kugulira ana makope. Tikapita khomo limodzi lokha ndiye kuti tatenga mbali. Chachisanu ndi mafoni athuwa. Munthu wodwala akagwidwa, tisamujambule n'kumumwaza pa WhatsApp ndi Facebook. Kanema ameneyo adzakhalapobe iye atachira, ndipo mayi ake adzamuona.

Komanso tisamadikire magazi. Nkhani ngati izi kawirikawiri zimayamba ndi miyezi imene aliyense ankaona kuti mnyamata wasintha. Mnzathu akasiya kugona, akayamba kudzipatula, kuseka yekha, kukayikira chakudya cha mayi ake kuti athiramo poizoni, tisamupange nthabwala ya pagulu. Tilankhule ndi makolo ake, timuperekeze kuchipatala. M'zipatala za m'maboma muli ogwira ntchito za matenda a ubongo, ndipo matendawa akapezeka msanga amagonjera mankhwala bwino kusiyana ndi akakhalitsa.

Ndiye yankho langa ndi limeneli, abale anga. Kholo losamala mwana amene ali ku Mental mwa lamulo la khoti silikunyoza olira, bola lisakane zimene zinachitika, ndipo bola oferedwawo asaiwalidwe. Mbali yoonetsetsa kuti asaiwalidwe ndi yathu tonse. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nzeru zimene tikuwerengera mawu anowa ndi amana, tinangosungitsidwa, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anasainirana ndi Allah kuti adzafa nazo. Zitati zachoka mawa, aliyense wa ife angafune kuti pakhale munthu wokwerabe magalimoto atatu kudzamuona, ndiponso kuti munthuyo asamayende yekha.

Allah achiritse odwala athu amene ali ku Zomba ndi amene ali m'makomo, awapatse mphamvu makolo awo, atonthoze mabanja amene anataya okondedwa awo, ndipo atisungire nzeru zathu mpaka tsiku lokumana Naye. Ameen.